Mwana wa Mbusa Amene Adaima pa Golo

Kumpoto kwa dziko la England, m'chigawo cha Yorkshire, kuli mudzi wotchedwa Edlington, pafupi ndi mzinda wa Doncaster. Kale udali mudzi wa anthu okumba malasha. Kumanda a mudzi umenewo, m'mwezi wa Disembala chaka cha 1930, adaikako bambo wina wakuda wa zaka 65 amene adagwira ntchito pa mgodi wa pomwepo zaka zambiri. Pamanda pake sadaikepo chiliza kapena chizindikiro chilichonse cholembedwa dzina, poti mwini wake adamwalira ali mmphawi. Mtumbira udaphwa, udzu udamera, ndipo kwa zaka zoposa 66 anthu ankangodutsa pamalopo osadziwa amene adagona pansi pake.

Munthuyo dzina lake adali Arthur Wharton. Pa unyamata wake padalibe womposa liwiro m'dziko lonse la Britain, ndipo ambiri olemba mbiri ya masewero amamuwerengera kuti ndiye munthu wakuda woyamba kusewera mpira wa miyendo monga ntchito yolandirapo malipiro. Inu owerenga amene Loweruka masana mumatchera khutu kumvera mpira wa ku England, ndi kumva mayina a ana a mu Africa akutchulidwa bwalo lili m'manja, tiyeni mwezi uno tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione amene adayamba kuponda njira imeneyi mame asadakamuke.

Arthur adabadwa pa 28 Okutobala 1865 ku Jamestown, mbali ina ya mzinda wa Accra, m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Gold Coast, lomwe lero ndi Ghana. Sadabadwire m'banja wamba. Bambo ake, a Henry Wharton, adali mbusa wa mpingo wa Methodist wochokera ku chilumba cha Grenada, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Iwo adabadwa kwa bambo wa ku Scotland ndi mayi wakuda, ndipo adawoloka nyanja kudzalalikira ku Africa, kumene makolo a mayi awo adachokera. Adatumikira ku Gold Coast zaka zambiri mpaka adakhala mkulu wa mishoni yonse ya Methodist m'dzikomo. Mayi ake a Arthur, a Annie Florence Grant, adali mwana wa wamalonda wa ku Scotland, koma kuchikazi adali a banja lachifumu la mtundu wa Fante. Mbusa Wharton adamwalira m'chaka cha 1873 mwanayo asadakwanitse zaka 10, ndipo akuchimayi, amene adali anthu a chuma, ndiwo adasenza udindo womphunzitsa.

M'chaka cha 1882 adamtumiza ku England, ku sukulu ya Methodist ya Shoal Hill College ku Cannock, ndipo m'chaka cha 1884 adasamukira ku Cleveland College mumzinda wa Darlington. Cholinga cha abale chidali chosabisika: mnyamatayu aphunzire, abwerere kwao, akakhale mbusa kapena mphunzitsi, alowe m'malo mwa bambo ake. Koma mwana ukamtuma kutali, maso ake amaona zimene iwe womtuma sudaziganize. Ku Darlington Arthur adazindikira kuti miyendo yake idali ndi mphatso imene mabuku ake adalibe.

Pa 3 Julaye 1886, pa bwalo la Stamford Bridge mumzinda wa London, padachitika mpikisano waukulu wa chaka ndi chaka wa bungwe la Amateur Athletic Association. Arthur, wa zaka 20, adathamanga mtunda wa mayadi 100, omwe ndi mamita 91 ndi pang'ono, m'masekondi 10 okha. Adachita zimenezi kawiri tsiku lomwelo, pa mpikisano wosankhula ndiponso pa womaliza. Nthawi imeneyi idafanana ndi yachangu koposa imene munthu wosalipidwa adathamangapo pa dziko lonse. Tikumbuke kuti kudalibe nsapato zopepuka za masiku ano, kudalibe zitsulo zopondapo ponyamuka, ndipo njira yothamangamo idali ya phulusa la malasha. Chaka chotsatira adapambananso mpikisano womwewo. M'chaka chomwecho cha 1887 adapalasa njinga kuchokera ku Preston kukafika ku Blackburn mofulumira kuposa onse amene adayesapo, ndipo pa kiriketi namonso adali katswiri woti matimu a ku Yorkshire ndi ku Lancashire pambuyo pake ankamlipira kuti awasewerere. Wina angaseke nati: ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Komatu kwa mnyamata amene adaganiza zodya thukuta la thupi lake, kudalibe kuchitira mwina. Mpira udali wa nyengo yozizira, kiriketi ndi liwiro za nyengo yotentha, ndipo mimba sidziwa nyengo.

Chodabwitsa n'chakuti munthu waliwiro chotere, atalowa mu mpira, adakaima pa golo. Timu ya Darlington idamtenga ngati goloboyi m'chaka cha 1885. Masiku ano mphunzitsi aliyense akadamuika kutsogolo kapena kumphepete kuti azithamangitsa otchinga kumbuyo, ndipo nthawi zina ankaseweradi kumphepete. Koma kuti timvetse chifukwa chake golo idamuyenera, tiyenera kudziwa mmene mpira unkaseweredwera masiku amenewo, pakuti udali wosiyana kwambiri ndi umene timaonera ife.

Goloboyi wa nthawi ya Wharton ankaloledwa kugwira mpira ndi manja paliponse m'chigawo cha timu yake, kufikira pa mzere wapakati. Lamulo lomtsekera m'bokosi lidadza m'chaka cha 1912. Motero goloboyi waliwiro adali chida chachikulu, poti ankatha kutuluka ndi kukautola mpira adani asadaufike. Koma ufulu umenewu udali ndi mtengo wake. Malamulo ankalola osewera kutsogolo kumgunda goloboyi ndi phewa, kumgwetsa pansi, ngakhale kumkankhira m'golo pamodzi ndi mpira womwe. Kawirikawiri mmodzi ankapatsidwa ntchito yongolimbana ndi goloboyi pamene mnzake akumenya mpira. Yunifolomu yake idali yofanana ndi ya anzake, chifukwa lamulo loti azivala mtundu wosiyana lidayamba m'chaka cha 1909. Ukonde kumbuyo kwa golo ndi penate zidayamba m'chaka cha 1891, chaka chomwe woyimbira mpira adalowa m'bwalo ndi mphamvu zonse zoweruza. Wosewera akavulala padalibe wolowa m'malo mwake. Mu ligi ya ku England zimenezi zidaloledwa m'chaka cha 1965. Mpira weniweniwo udali wachikopa chomwa madzi, ndipo pa matope a mwezi wa Januwale unkalemera ngati dzungu. Munthu woima pa golo ankafunika nkhonya zolimba ndi mtima wosagwedezeka, chifukwa kuugwira mpira ndi kuukumbatira kudali kudziitanira chigulu cha amuna pamsana. Nzeru idali kuumenya ndi chibakera kuti upite kutali, ndipo chibakera cha Wharton chidatchuka kumpoto konse.

Adalinso munthu wokonda kusangalatsa anthu oonerera. Amasimba kuti mpira ukakhala kutali ankanjuta pambali pa mtengo wa golo ngati mlenje wodikira nyama, ndipo mdani akati waona golo yopanda munthu, iye ankangoti tumphu, mpira uli m'manja. M'chaka cha 1942, Wharton atamwalira kale, munthu wina wachikulire adalembera nyuzipepala ya ku Sheffield kukumbukira zimene adaona ndi maso ake ali mnyamata: goloboyiyu adalumpha, nagwira mtengo wopingasa wa pamwamba pa golo, naupana mpira ndi miyendo ali lende, ndipo osewera atatu amene ankathamangira kudzamgunda adangopitirira pansi pake nakagwera mu ukonde. Kaya zaka zidaikometsera nkhaniyi, chachikulu n'chakuti patapita zaka ngati 50 munthu adali kuikumbukirabe.

Tsono tinene za ndalama, pakuti nkhani ya Wharton singamveke popanda izo. Bungwe la Football Association lidakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1863 ndi anthu ophunzira, ana a mabanja olemera amene adaphunzira mpira m'sukulu zapamwamba monga Eton ndi Harrow. Kwa iwo mpira udali chosangalatsa cha munthu waulemu, ndipo kulandirapo ndalama kudali kudzinyazitsa. Zidali zosavuta kunena choncho kwa munthu amene sadagonepo ndi njala. Kumpoto, m'mizinda ya mafakitale a nsalu ya ku Lancashire, mpira udagwera m'manja mwa anthu ogwira ntchito amene ankaweruka Loweruka masana. Anthu zikwizikwi ankalipira pa chipata, ndipo eni matimu adayamba kuitana anyamata aluso kuchokera ku Scotland, kuwapezera ntchito ya dzina lokha ku fakitale, ndi kuwapatsa ndalama mobisa. M'chaka cha 1883 timu ya anthu wamba ya Blackburn Olympic idagonjetsa Old Etonians 2-1 nitenga chikho cha FA Cup. M'chaka cha 1884 timu ya Preston North End idachotsedwa mu mpikisano wa chikhochi pamene mtsogoleri wake, William Sudell, adavomera poyera kuti ankalipira osewera ake. Matimu a kumpoto adaopseza kuti apanga bungwe laolao, ndipo m'mwezi wa Julaye 1885 akuluakulu a ku London adagonja, navomereza kuti wosewera angathe kulipidwa.

Sudell yemweyo ndiye adamkopa Wharton kuti apite ku Preston m'chaka cha 1886. Panthawiyo Preston idali pakati pa matimu oopsa kwambiri m'dzikomo. Wharton adalowamo ngati wosalipidwa, chifukwa kulandira ndalama za mpira kukadamtsekera khomo la mipikisano ya liwiro imene adali mwini chikho chake. Adaima pa golo m'masewero a FA Cup a nyengo ya 1886-87, ndipo timuyo idafika pa ndime ya matimu anayi otsala, pomwe idagonja 3-1 kwa West Bromwich Albion m'mwezi wa Malichi 1887. Olemba nkhani ena a kumpoto adayamba kunena kuti goloboyi ameneyu ngoyenera kuseweretsedwa mu timu ya dziko la England. Sadasankhidwe. Kudatenga zaka zina zoposa 90 kuti munthu wakuda avale malaya a timu yaikulu ya England, pamene Viv Anderson adasewera ndi Czechoslovakia m'mwezi wa Novembala 1978. Pakati apo padali Jack Leslie wa timu ya Plymouth Argyle, amene dzina lake lidalengezedwa m'gulu la osankhidwa m'chaka cha 1925, kenaka n'kuchotsedwamo mwakachetechete. Ku Scotland zinthu zidayenda mosiyanako pang'ono: Andrew Watson, wobadwira ku British Guiana, adatsogolera timu ya dzikolo pamene idathira England zigoli 6 kwa 1 m'chaka cha 1881. Koma Watson adali mwana wa munthu wolemera kwambiri amene adamsiyira chuma, ndipo ankasewera pakati pa anzake a ulemu ngati mmodzi wa iwo.

M'chaka cha 1888 Wharton adachita chinthu chimene, tikachiyang'ana lero, chidamtayitsa mwayi waukulu. Adachoka ku Preston napita ku Sheffield kukakhala wothamanga wolipidwa. Sheffield ndiye udali likulu la mipikisano ya liwiro ya ndalama, mmene anthu ankabetcherana kwambiri, ndipo othamanga ankakhala m'manja mwa anthu a ndalama amene ankawadyetsa ndi kuwalamula. M'mwezi wa Seputembala chaka chimenecho adapambana mpikisano waukulu wa mumzindamo pa bwalo la Queen's Ground. Koma mwezi womwewo ndi umene ligi yoyamba ya mpira pa dziko lonse, Football League, idayamba ndi matimu 12. Preston idasewera masewero 22 osagonja ngakhale kamodzi, nitenga ligi, nitenganso FA Cup popanda kugoletsedwa chigoli n'chimodzi chomwe mu mpikisano wa chikhowo. Mayina a osewera a timu imeneyo adalembedwa m'mabuku onse a mbiri ya mpira. La Wharton mulibe, poti adachoka mmera uli pafupi kucha. Sitingamuweruze kwambiri. Palibe amene ankadziwa mu 1888 kuti ligi idzakula chotere, ndipo ndalama za liwiro zidali zooneka ndi maso tsiku lomwelo. Ngakhale Sudell mwini wake sadathere pabwino: m'chaka cha 1895 adamangidwa zaka zitatu chifukwa chotenga ndalama za fakitale imene ankayang'anira, zimene zambiri zidapita ku timu yake.

M'chaka cha 1889 Wharton adasayina ndi timu ya Rotherham Town ngati wosewera wolipidwa, ndipo apa ndi pamene mbiri imamuika poyamba pa anthu akuda onse odya za mpira. Chaka chotsatira adakwatira Emma Lister, mkazi wa komweko. Zaka za ku Rotherham zidali zokhazikika koposa m'moyo wake wa mpira. Timuyo idatenga chikho cha Midland League kawiri motsatizana, mu 1892 ndi mu 1893, ndipo idalandiridwa m'gawo lachiwiri la Football League. Malipiro a mpira okha sankakwanira, tsono monga mwa chizolowezi cha nthawiyo, wosewera wotchuka ankapatsidwa nyumba yogulitsiramo mowa kuti aziyendetsa. Eni mowa ankadziwa kuti anthu adzadzaza nyumbayo pofuna kucheza ndi katswiri wao, ndipo aliyense wolowa adzafuna kumgulira kapu imodzi. Wharton adayendetsa Albert Tavern ndi Plough Inn m'dera la Rotherham. Mwana wa mbusa wa Methodist, mpingo umene unkadana ndi mowa kwambiri, adapezeka ataima kumbuyo kwa thebulo akutunga mowa usiku ndi usiku. Chizolowezi chimenechi chidawononga osewera ambiri a m'badwo umenewo, ndipo olemba mbiri yake amavomerezana kuti nayenso mowa udamgwira m'zaka zake za kumapeto.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza koposa zonse m'mbiri imeneyi. M'chaka cha 1893, ali pakati pa kutchuka, Wharton adalemba kalata yopempha ntchito m'boma la atsamunda ku Gold Coast. Munthu sapempha ntchito ya kwao ngati mtima wake wakhazikika kumene ali. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Adali ndi maphunziro, adali mwana wa mbusa wodziwika, ndipo akuchimayi adali anthu omveka m'dzikomo. Adamkana. Akuluakulu a boma adaona kuti moyo umene adakhala, wothamangira ndalama ndi kusewera mpira pakati pa anthu a m'mafakitale, sudali woyenera munthu wa mu ofesi ya boma. Tiyeneranso kudziwa kuti zaka zimenezo zitseko zinkatsekeka kwa anthu akuda ophunzira m'maiko onse a kumadzulo kwa Africa olamulidwa ndi Britain. Pakati pa zaka za m'ma 1800 munthu wobadwa kwa mayi wa ku Gold Coast, James Bannerman, adafika pokhala wachiwiri kwa bwanamkubwa. Pofika chaka cha 1902 boma lidakhazikitsa gulu la madokotala la West African Medical Staff nililembera lamulo loti olowamo akhale a makolo achizungu okhaokha. Wharton adagwa pakati pa mipanda iwiri. Ku England khungu lake linkamtsekera timu ya dziko, ndipo nyuzipepala zomwe zinkamtama zinkamtchulanso ndi dzina lonyoza la mtundu wa khungu lake, ngati kuti ndilo dzina lake la ubatizo. Kwao ku Africa ntchito ya manja ndi miyendo yake ndiyo idamtsekera ofesi. Sadabwererenso ku Gold Coast mpaka imfa.

Sadali munthu wongolandira chipongwe ali chete. Amasimba kuti pa mpikisano wina wa liwiro, ali wachinyamata, oweruza adampatsa malo achiwiri pamene iye ankadziwa kuti wapambana. Mphotho yake idali mbale yokongola ya pathebulo. Adailandira, naiphwanya pamaso pa akuluakulu a mpikisanowo.

M'chaka cha 1894 timu ya Sheffield United, ya m'gawo loyamba la ligi, idamtenga, nimpatsanso nyumba ya mowa yotchedwa Sportsman Cottage. Uwu ukadakhala mwayi wake wobwerera pamwamba, koma tsoka silinunkha. Chaka chomwecho timuyo idagula mnyamata wa zaka 20 dzina lake William Foulke, chimphona cha munthu, amene adamtola ku timu ya pa mgodi wa malasha wa Blackwell ku Derbyshire. M'masiku amene goloboyi ankagundidwa ngati chitseko, thupi la Foulke lidali linga losagwetseka. Wharton, wa zaka pafupifupi 30, adangosewera masewero atatu okha. Amodzi mwa iwo adali a ligi, pa 23 Febuluwale 1895 ku Sunderland, pomwe Sheffield United idagonja 2-0. Tsiku limenelo adakhala munthu wakuda woyamba kusewera m'gawo lapamwamba la ligi ya ku England. Foulke adapitirira kutenga ligi mu 1898, FA Cup mu 1899 ndi mu 1902, ndi kusewerera dziko lake. Onani mmene njira za anthu awiriwa zidapingasirana: wina adachoka ku mgodi kudzaima pa golo, winayo adachoka pa golo kupita ku mgodi.

Zotsatira zake tingazinene mwachidule, poti ndi ulendo wotsetsereka. Adabwerera ku Rotherham Town, imene idatha mu 1896. Adapita ku Stalybridge Rovers, kenaka ku Ashton North End, imene idagwa ndi ngongole mu 1899, nabwereranso ku Stalybridge. M'chaka cha 1901 adalowa Stockport County ya m'gawo lachiwiri la ligi, ndipo mu 1902, ali ndi zaka 36, adasiya mpira.

Kodi wosewera wa masiku amenewo akasiya mpira ankatsala ndi chiyani? Kuyambira m'chaka cha 1893 matimu a mu ligi adali ndi lamulo lomanga wosewera kwa timu imene yamlemba, kotero kuti sakadatha kupita kwina popanda chilolezo chao, ngakhale pangano lake litatha. M'chaka cha 1901 adaikanso malire a malipiro: wosewera asalandire zoposa mapaundi 4 pa mlungu, ndipo ambiri, makamaka a m'matimu ang'onoang'ono monga amene Wharton adatsirizirako, sankafika n'komwe pamenepo. Malire a malipiro adakhalapo mpaka chaka cha 1961. Penshoni kudalibe. Munthu ankalowa mu mpira ali ndi zaka 20, m'nthawi imene anzake ankaphunzira umisiri, ndipo ankatulukamo ali ndi zaka 35, mawondo atatha, m'manja mulibe luso lina. Eni matimu ankagula mphamvu za unyamata wake, ndipo zikatha ankagula za wina. Zimenezi zidagwera azungu ndi akuda omwe. Kusiyana kwake n'kwakuti mzungu ankabwerera ku mudzi kwao kumene adali ndi abale, pamene abale a Wharton adali kutsidya kwa nyanja, ndipo njira imene adamkonzera adaisiya kalekale.

Cha m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse adakhazikika ku Edlington, nalembedwa ntchito pa mgodi wa Yorkshire Main. Ntchito yake idali ya m'gulu lokoka ngolo za malasha, ntchito yolemetsa ndi ya malipiro otsika, imene kawirikawiri inkapatsidwa kwa anyamata ongoyamba kumene kapena kwa amuna amene mphamvu zokumba zidawathera. Munthu amene adathamanga mayadi 100 m'masekondi 10 pamaso pa khamu la ku London adatha zaka zake zotsiriza akulimbana ndi ngolo m'fumbi la malasha. Komabe sitiyenera kumuona ngati munthu wotayika pakati pa alendo. Adali membala wa bungwe la anthu a m'migodi, ankasewerabe kiriketi ndi anzake a kumeneko ngakhale atapitirira zaka 50, ndipo adali nao limodzi m'chaka chowawa cha 1926. Chaka chimenecho eni migodi adafuna kudula malipiro ndi kutalikitsa maola a ntchito. Antchito a m'dziko lonse adachita sitalaka masiku 9 m'mwezi wa Meyi pothandiza anzao a m'migodi, kenaka adabwerera ku ntchito, koma okumba malasha adapirira okha mpaka mwezi wa Novembala, pamene njala idawabweza ku mgodi pa malipiro ochepa kuposa kale. Wharton adali ndi zaka 60 pamene adapirira nao njala imeneyo.

Adamwalira m'mwezi wa Disembala 1930 m'chipatala cha Springwell ku Balby, pafupi ndi Doncaster, atadwala nthawi yaitali. Kalata ya imfa yake idatchula khansa ndi chindoko. Sitibisa zimenezi, pakuti kumlemekeza munthu sikumsandutsa mngelo. Adali ndi zofooka zake, ndipo zina mwa zowawa za moyo wake adaziitana yekha. Koma William Foulke, amene adamwalira mu 1916, nkhani zake zidapitirira kusimbidwa m'mabuku a mpira m'badwo ndi m'badwo, pamene dzina la Wharton lidazimirira ngati kuti sadakhaleko. Mabuku ambiri a mbiri ya masewero a ku Britain adalembedwa osamtchula.

Amene adafukula dzina lake adali anthu ochepa a khama. Wolemba mbiri Phil Vasili adafufuza m'nyuzipepala zakale ndi m'makalata a boma, ndipo buku lake lonena za moyo wa Wharton lidatuluka m'chaka cha 1998. Bungwe la ku Sheffield lolimbana ndi tsankho mu mpira, lotchedwa Football Unites, Racism Divides, lidasonkhetsa ndalama, ndipo m'mwezi wa Meyi 1997 chiliza chidaimikidwa pamanda aja ku Edlington, achibale a banja la mkazi wake ali pomwepo. M'chaka cha 2003 dzina lake lidalowetsedwa m'kaundula wa akatswiri olemekezeka a mpira wa ku England. M'mwezi wa Okutobala 2014 bungwe la Football Association, lomwe lija silidamsankhe, lidavundukula chifanizo chake chachikulu chamkuwa pa St George's Park, malo amene matimu a dziko la England amakonzekerako masewero. Adachiumba ndi mayi Vivien Mallock, ndipo chimamuonetsa ali m'malere, thupi litapendekera chammbuyo, dzanja likukankhira mpira pamwamba pa golo.

Mgodi wa Yorkshire Main udatsekedwa m'chaka cha 1985, zaka 12 chiliza chisadaimikidwe, ndipo ambiri mwa amene adakoka naye ngolo adali atamtsatira kale kumanda komweko ku Edlington.